Seva Itadzaza Ndinaloza Alamu Anga

"Mwandigulitsa, alamu! Inu amene ndinakakutengani padepoti ya basi muli ndi kajumbo kamodzi, lero mwandigulitsa kwa Madamu?"

Amene anakuwa mawu amenewa ndi a Dyson, mlongo wake wa mkazi wanga, ataima pakati pa shopu epuloni ili m'manja. Makina odulira mapepala anali akulirabe kumbuyo kwawo. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndiye sindinadikire kuti amalize.

"Palibe wakugulitsani. Andifunsa kuti foda iyi ndi ya ndani, ndayankha. Mumafuna ndiname? Seva ya kampani mwaisandutsa chikwama cha zithunzi za kumudzi. Lero yadzaza, ntchito yaima. Ndiye mlandu wanu ndisenze ine?"

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, nayamba Chilomwe chakuya chimene amalankhula akapsa mtima zenizeni. Mawu ake sindingalembe pano. Atatha anaponya epuloni ija pa mulu wa mapepala, natuluka osatseka chitseko.

Madamu, mwini shopu, mzimayi wachizungu wa imvi wosuta fodya ngati ng'anjo ya njerwa, anali atagamula kale. Dyson asabwerenso. Zithunzi zifufutidwe. Pofika faifi madzulo makina akhale akugwira ntchito, chifukwa makadi a ukwati wa anthu ena ankadzatengedwa mawa lake. Anatola makiyi a galimoto napita kukagula inki. Linali Lachinayi masana.

Shopu imeneyi inali ku Joni, kamsewu kena ka kuseri kwa msika. Tinkasindikiza makadi a ukwati, mapologalamu a maliro ndi makalendala a matchalitchi. Makompyuta analipo atatu kutsogolo, koma ntchito yonse inkasungidwa mu imodzi yaikulu imene inkakhala m'kachipinda kosungira matsache. Imeneyo ndiye seva. Tingoti inali nkhokwe ya shopu yonse. M'mawa umenewo nkhokweyo inakana kulandira kanthu. Ukati usunge ntchito, pasikirini pankatuluka uthenga woti malo atha.

Kuti ine mwana wa ku Nkhulambe ndifike pogwira makiyi a kachipinda kameneko, njira yake ndi yokhota.

Ndinamaliza Fomu 4, ndinagwirako ukalaliki pafakitale ina ku Limbe. Matipate atabwera tinavina mumsewu. Pasanapite nthawi fakitale ija inagulitsidwa, ogulawo anakhoma zitseko. Ndinabwerera kumudzi kwa mkazi wanga kukalima munda wa apongozi. Mayi amenewo anali ndi pakamwa. Ankanditchula kuti mkamwini wa satifiketi. Ndikapalira mzere wokhota ankafunsa anansi ngati kusukulu amaphunzitsa kulima ndi bolopeni. Ine ndinkayankha, ndipo mkamwini woyankha kwathu sakondedwa.

Njala itadutsa, chinangwa titachidya mpaka mizu, kalata ya a Dyson inafika. Anati bwerani alamu, kuno munthu wodziwa Chizungu safa ndi njala. Ndinachoka mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi inayi. Anandiperekeza pa njinga yobwereka mpaka pamsewu waukulu, iye atakhala pakaliyala atagwira kajumbo kaja. Sanalire. Anangoti, "Kumeneko mtimawo muzikausiya pakhomo polowa kuntchito." Ndinamumva koma sindinamvere.

Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Tonse a ku Phalombe. Kuzizira kwa Juni kumeneko si kwa kuno kwa pansi pa phiri, kumaluma m'mafupa. Tinkagona titavala majekete, nsapato zili kumutu kuopa makoswe. Tikaona vani ya apolisi tinkayenda ngati anthu ochedwa kutchalitchi, osathamanga, osacheuka. Koma Lamlungu linali lathu. Woyendetsa katundu akabwera kuchokera kumudzi ankatibweretsera makaka, nandolo, nthawi zina kalongonda. A Dyson ankaphika kalongonda tsiku lonse pa sitovu ya palafini, kutaya madzi, kuthira ena, uku akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Woyendetsa katundu yemweyo pobwerera ankanyamula zathu: mabulangete, mapoto, njinga, kenako malata.

Pashopu ndinayamba ndi kunyamula mapepala ndi kusesa. A Dyson ndiwo anali katswiri wa makina odulira. Ankadula makadi chikwi osalakwitsa ndi tsitsi lomwe. Tsiku lina kunabwera mkulu wokonza makompyuta, ndipo ndinamuwerengera zimene zinalembedwa pasikirini iye ali pansi pa tebulo. Madamu anamva. Kuyambira pamenepo makiyi a seva anali anga. Mkulu uja anandiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: Lachisanu lililonse ndizikopera foda yotchedwa Ntchito, mmene munali zonse za makasitomala, n'kuika kopeyo m'kabokosi kakuda kolumikiza ndi chingwe. Foda ndi ngati thumba loikamo mafailo. Anati seva ikadzafa, kabokosiko kadzatipulumutsa.

Ndinachita zimenezo mokhulupirika mpaka tsiku limene mbala zinathyola zenera la kumbuyo. Seva zinailephera chifukwa inali yomangirira ndi unyolo, koma kabokosi kaja zinangokaika m'thumba. Madamu anati agula kena. Sabata inatha, ina inatha. Ine sindikanalola Lachisanu kudutsa popanda kope.

Ndinaganiza monga anandilerera. Kwathu chimanga chodya chimakhala m'nkhokwe panja, koma mbewu simaisiya panja. Mayi anga ankaimangirira kudenga m'nyumba momwe ankagonamo, chifukwa za panja zili ndi eni ake ausiku. Ndiye ndinati kope ndi mbewu, ikhale m'kati. Ndinapanga foda yatsopano, n'kuitcha Mbewu, n'kuiika m'kati mwa Ntchito momwemo. Poyamba makina anakana, anati simungaike thumba m'kati mwa thumba lomwelo. Ndinawatukwana. Ndinakopera Ntchito pambali, kuisintha dzina, kenako n'kuikokera mu Mbewu. Analola. Ndinadziona wanzeru kuposa makina. Sindinauze munthu.

Tibwerere ku Lachinayi lija.

A Dyson atatuluka ndinalowa m'kachipinda ka matsache, ndikupumira m'mwamba. Foda yawo anaitcha Kwathu. Munali zithunzi za maliro a apongozi aja, amene anamwalira ife tili ku Joni, ndipo palibe wa ife anakwanitsa kupita. Wojambula wa pamsika anajambula mwambo wonse, zithunzi zinabwera ndi woyendetsa katundu, a Dyson anazilowetsa m'makina, kenako anazitumiza kwa mlongo wawo wina ku Durban. Kumeneko zinanyowa ndi mvula m'nyumba yodontha. Zotsala padziko lonse zinali za mu sevamo. Anthu ena a kwathu atamva anayamba kubweretsa zawonso, za ukwati, za ubatizo, kuti a Dyson awasungire. Ine sindinatsegulepo foda imeneyo. Ankandiitana kuti ndidzaone, ine ndinkati mayi amene sanandifune ali moyo sangandifune ali m'bokosi.

Ndinaika kamuvi pa Kwathu, chala chili pa batani lofufutira. Chimene chinandiimitsa si chifundo, ndisaname. Ndinangofuna kudziwa kukula kwake, kuti Madamu akabwera ndimuuze nambala yeniyeni, aone kuti Fomu 4 si masewera. Ndinafunsa makina kuti foda iyi ndi yaikulu bwanji.

Siinakwane ndi giga imodzi yomwe.

Giga ndi muyeso wa malo m'makinamo, ndipo seva yathu inkalowa magiga makumi asanu ndi atatu. Ndinayang'ananso. Ndinapukuta sikirini ndi mkono wa shati. Nambala sinasinthe. Mbuzi imodzi singadzaze khola la ng'ombe. Ndikanafufuta zithunzi zonsezo, makina akanapuma masiku awiri n'kudzazanso, a Dyson atachotsedwa kale ntchito, mayi awo atafufutidwa.

Ndinatenga kope la masamu limene ndinkalembamo za makina, ndinajambula mzere pakati, uku dzina la foda, uku kukula kwake. Ndinayamba pamwamba, imodzi imodzi, monga munthu woyenda m'munda kufuna pamene madzi akulowera. Mapologalamu oyendetsa makina, magiga asanu. Makalata a Madamu, kachinthu kochepa. Zotsalira za makina osindikizira, zimene zimaunjikana ntchito ikatha, giga imodzi. Pamenepo ndinasangalala, ndinati ndamugwira wakuba. Ndinazichotsa. Mzere wosonyeza kudzaza kwa seva unangosuntha ngati chikhadabo.

Inatsala Ntchito. Ndinaisiyira kumapeto chifukwa ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Inkangopitirira pang'ono magiga awiri. Makina anawerenga, anawerengabe, kagalasi ka mchenga kakungotembenuka. Atamaliza analemba magiga makumi asanu ndi awiri ndi kanthu.

Ndinatsegula. Makadi a ukwati, ang'ono. Makalendala, ang'ono. Mapologalamu a maliro, ang'ono. Mbewu.

Ndinatsegula Mbewu. Munali makope asanu, a Lachisanu asanu. Loyamba magiga awiri. Lachiwiri anayi. Lachitatu asanu ndi atatu. Ndinatsegula lachisanu, m'kati mwake ndinapezamo Mbewu ina. Ndinatsegula imeneyo, munali makope anayi, lililonse lili ndi Mbewu yake m'mimba. Lachisanu lililonse ndinkakopera ntchito pamodzi ndi makope onse akale, n'kubwezera momwemo. Thumba linkameza matumba anzake, sabata yotsatira n'kumezedwa nalonso. Ndinakumbuka kuti masabata omalizawa kukopera kunkatenga masana onse, ine ndikuuza a Dyson kuti makinawa akalamba ngati mwini wake.

Ndinakhala pa ndowa yokolopera. Kunja anzathu awiri a kutsogolo ankaseka za mpira. Wakuba amene ndinkamusaka anali atakhala pa ndowa.

Maganizo oyamba, ndinene zoona, anali oipa. Ndikanatha kufufuta Mbewu mwakachetechete, kufufutanso Kwathu, n'kuuza Madamu kuti zithunzi zija ndazichotsa, onani malo abwerera. Palibe akanadziwa. Mkulu wokonza makompyuta uja ankabwera kamodzi pachaka. Koma a Dyson ndi malume a ana anga. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Amene amagamula za sukulu, za ukwati, za munda, ndi malume. Tsiku lina ndikanadzabwerera ku Nkhulambe, kumudzi kwawo, kudzamanga nyumba pa dothi la mayi awo, ndikudziwa chimene ndinachita. Ndipo munthuyo anandigawira theka la matiresi ake chaka chathunthu.

Ndili pa ndowa pomwepo ndinatsegula Kwathu, koyamba.

Bokosi lili pa machira. Amayi a mvano atavala zoyera. Phiri likuoneka kumbuyo, ndi mtengo wa mango umene ndinkakonzera njinga pansi pake. Chithunzi chachisanu ndi chimodzi, mkazi wanga atakhala pamphasa, atawonda, mpango wakuda kumutu. Pamiyendo pake kamwana kakakazi kakuyang'ana wojambula mokwiya, nsidze zitakumana pakati. Nsidze zanga. Mwana wathu Mphatso anali ndi chaka ndi miyezi, ndipo aka kanali koyamba kumuona. Miyezi yonseyo anali m'kachipinda ka matsache, makiyi ali m'thumba mwanga. A Dyson ankati bwerani mudzaone. Sananene kuti ndidzaone chiyani. Nawonso ndi munthu wa makani.

Ndinayamba kukonza mtima uli m'malo, chinthu chachilendo kwa ine. Sindinafufute kanthu ndisanatsimikize. Ndinatsegula ntchito zenizeni imodzi imodzi, kuona kuti zikutseguka. Ndinatenga masidi opanda kanthu mu kabati, ndinakoperamo ntchito yonse kusiya Mbewu, n'kulemba ndi cholembera chakuda pa sidi iliyonse. Kwathu ndinaikopera kawiri, pa masidi ake. Ndinayesa sidi iliyonse pa kompyuta ya kutsogolo. Pamenepo mpamene ndinayamba kuchotsa makope aja, kuyambira ang'onoang'ono.

Nditachotsa atatu ndinayang'ana mzere uja. Sunasunthe. Kenako ndinakumbuka kuti makinawa ukafufuta chinthu amayamba achiika m'bini, ndipo biniyo ili m'nyumba momwemo. Ndinali nditasesa n'kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko. Ndinakhuthula bini, ndinachotsa makope otsalawo. Mzere unatsika ngati madzi a mtsinje mvula ikatha. Ndinapita kutsogolo, ndinauza mnzathu wokonza makadi kuti ayese kusunga. Inalowa. Makina osindikizira anayamba kulira nthawi isanakwane folo.

Madamu anabwera ndi makatoni a inki. Atamva makina akulira anamwetulira.

"Waona? Zithunzi za alamu ako."

"Si zithunzi, Madamu. Zithunzi zilipobe. Ndine."

Ndinamuonetsa kope la masamu lija, mzere ndi mzere. Ndinafotokoza za mbewu ya mayi anga kudenga. Anayatsa ndudu, anasuta theka.

"Ndiye woyenera kuchotsedwa ndi iwe."

"Ndine. Koma kabokosi kaja munati mugula, masabata asanu apitawo."

Ndinaona kuti pakamwa pangapa pandiphanso. Koma mzimayiyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Wapepesa n'kundiimba mlandu m'mpweya umodzi. Kabokosi ndigula mawa. Makope azikhala kunja kwa makina, ndipo kabokosiko ndizipita nako kunyumba. Zithunzi zichoke mu seva yanga, zikhale pa masidi anuwo. Dyson akhale pa makina odulira pofika naini koloko, makadi awa akufunika kudula. Akapanda kubwera ndiitana wina, ndipo ameneyo sadzachokanso."

Ndinapempha chinthu chimodzi, pepala limodzi lonyezimira. Anandilozera kabati ndi ndudu.

Nditafika kunyumba a Dyson kunalibe. Anzathu anati atenga bulangete lawo apita kwa mnzawo wa ku Chiwalo amene ankakhala kutsidya kwa njanji, ndipo anasiya mawu akuti mkamwini wa satifiketi asawatsatire. Ndinkawadziwa. Ndikanapita chimanjamanja n'kunena kuti Madamu akukufunani, akanandiuza kuti Madamuyo akadule yekha. Ntchito akanaitaya dala, kuti ine ndidzafe nalo manyazi.

Zaka zapitapo tsopano. Ndinabwerera kumudzi msana utayamba kudandaula. Mphatso atandiona anathawira kuseri kwa mayi ake, anatha mwezi akunditchula kuti abambo a ku Joni, ngati pali ena a kuno. Mkazi wanga ndinamupeza atazolowera kugamula yekha za pakhomo, ndipo ndinaona kuti amagamula bwino kuposa ine. Nyumba ya malata ilipo, nandolo amabereka, njinga ikuyendabe. Kusukulu ya sekondale ya kufupi kuno kompyuta ikavuta amatumiza uthenga, ndimapita, ndipo ndisanagwire kanthu ndimayamba ndatulutsa kope la masamu. A Dyson nyumba yawo ndi iyo kuseri kwa mango. Timakanganabe za malire a munda chaka chilichonse. Pa khoma la pabalaza pawo pali chithunzi cha pepala lonyezimira, chayamba kufiira m'mbali.

Koma m'mawa wa Lachisanu lija sindinkadziwa kuti zidzatha choncho. Ndinadzuka kusanayere bwino, ndinavala shati ya kutchalitchi. Kwathu ukalakwira akuchikazi supepesa ndi pakamwa pokha. Pafupi ndi pokwerera mataxi panali mzimayi wogulitsa nkhuku zamoyo m'makhola a waya. Ndinasankha tambala, ndinamumanga miyendo ndi chingwe cha sitovu yakufa, ndinakwera naye. Anthu a masuti ankasuntha mawondo. Tambalayo analira kawiri tili pa maloboti, dalaivala n'kundifunsa ngati nayenso walipira mpando.

Ndinawapeza a Dyson atakhala pa kreti panja, akumwa tiyi m'chitini. Sanadzuke. Ndinagwada pa simenti yozizira, shati ya kutchalitchi ili m'thupi, ndinaika tambala patsogolo pawo, pambali pake sidi ndi envelopu.

"Alamu, wodzaza makina ndine. Ndamuuza Madamu. Zithunzi zonse zili apa, palibe chatayika. Ndinakulozani chala ndisanayeze. Ndalakwa."

Anamwa tiyi. Anatsegula envelopu, anatulutsa chithunzi cha mayi awo chimene ndinasindikiza dzulo lake, cha mu Kwathu momwemo, chimene anajambulitsa ali moyo ataima pakhomo pa tchalitchi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana mwamuona?"

"Ndamuona."

"Nkhope yokwiya ngati bambo wake. Tidzavutika naye." Ananyamula tambala, anamuyeza m'manja, anamupapasa pachifuwa. "Nkhuku yake yowonda chonchi, alamu, mwaigula kapena mwaitola?"

"Naini koloko, alamu. Makadi akudikira."

"Ndamva. Dzukani pamenepo, mukuchititsa manyazi anthu a ku Phalombe."

Anamangirira tambala ku mwendo wa kreti, anauza mnzawo uja kuti asamuphe mpaka Lamlungu. Chithunzi anachiika m'kati mwa jekete. Ine ndinanyamula bulangete lawo, ndinatsogola kupita kokwerera.